Kujambula Anthu Padzuwa: Nkhope Isasowe pa Chithunzi

Loweruka lililonse la m'chilimwe, nthawi ikamathamangira 12 koloko masana, pamakomo a matchalitchi m'dziko muno pamachitika zofanana. Akwati angotuluka kumene, nthungululu zili pakamwa pa amayi, ana akupiringizana m'miyendo ya akuluakulu, ndipo wapampando wa komiti maso ali pa wotchi chifukwa galimoto zopita ku holo zalizidwa kale. Wojambula amapatsidwa mphindi zowerengeka. Amawaimika akwatiwo pomwe afikapo, pamtetete, dzuwa lili paliwombo, n'kuyamba kudina. Zithunzi zikabwera pa WhatsApp kapena zikatsukidwa, diresi la mkwatibwi lili bwinobwino, mikanda yake yochita kuwerengeka, koma nkhope ya mwini diresilo ili bii, pamalo pa maso pali maenje awiri. Mkwati ndiye wasakanikirana ndi suti yake, chooneka ndi kolala ndi mano basi.

Zikatero mlandu umagwera khungu. Mumamva wojambula akuuza mwini chithunzi kuti, “Amayi, nkhope yanuyi ndi yovutirapo, kamera siyikuigwira bwino.” Mayiyo amangoseka chamanyazi n'kulandira chithunzi chimene sadzachipachika pakhoma. Mawu oterewa ndi abodza, ndipo amapweteka mtima. Palibe khungu lovuta kujambula. Chimene chilipo ndi kusiyana kwakukulu pakati pa malo owala kwambiri ndi malo amdima m'chithunzi chimodzi, ndipo ntchito ya wojambula ndi kuchepetsa kusiyanako asanadine batani. Mbali yaikulu ya ntchitoyi imagwiridwa ndi miyendo ndi maso. Manambala a m'kamera amabwera pambuyo.

Kamera siidziwa munthu

M'kamera iliyonse, kaya ndi Canon kapena Nikon ya akatswiri, kaya ndi ya pa foni, muli mita yoyeza kuwala. Mita imeneyi siidziwa kuti uyu ndi mkwatibwi ndipo ichi ndi chipupa. Imangosonkhanitsa kuwala kobwerera kuchokera pa zonse zimene lenzi yaloza, n'kuyesetsa kuti zikaphatikizidwa zituluke zotuwa pakatikati, osati zoyera, osati zakuda. Ojambula amati kutuwa kumeneku ndi kwa 18 peresenti, chifukwa khadi lotuwa loyezera kuwala, limene makampani ngati Kodak akhala akugulitsa kwa zaka zambiri, limabweza 18 peresenti ya kuwala kumene kwaligwera. Makamera a masiku ano amagawa chithunzi m'tizigawo tambirimbiri ndipo ena amazindikira nkhope, koma khalidwe lokokera zinthu pakati silinawachoke.

Ndiye taonani chimene chimachitika. Diresi loyera, velo, chipupa chopaka laimu ndi thambo lowala zikadzaza chithunzi, mita imati kuno kwawala mopitirira, n'kuchepetsa kuwala kolowa. Diresi limatuluka lotuwirapo, ndipo nkhope, imene inali kale yoderapo kuposa diresilo, imamira. Mukatembenukira kwa mkwati ndi anyamata ake a masuti akuda ataima patsogolo pa mpanda wa maluwa obiriwira, mita imaganiza kuti kwada, n'kutsegula kwambiri. Apo masuti amatuwa ngati ochucha, malaya oyera amapsa, nkhope zimakhala mbuu. Kuwala kwa dzuwa sikunasinthe m'mphindi imodzi ija. Chasintha ndi zovala zimene zalowa m'chithunzi, ndipo kamera yapusitsidwa nazo.

Zolamulira kuwala m'kamera zilipo zitatu. Aperture ndi kukula kwa bowo la mu lenzi, ndipo manambala ake amayenda chobwerera: f/2.8 ndi bowo lalikulu, f/16 ndi kabowo kakang'ono. Shutter ndi nthawi imene bowolo limalola kuwala kufika mkati, monga 1/125 kapena 1/1000 ya sekondi. ISO ndi mmene kamera imakwezera mphamvu ya kuwala kumene yalandira. Zili ngati kutunga madzi pa mpopi: mukhoza kutsegula kwambiri kwa kanthawi kochepa kapena kutsegula pang'ono kwa nthawi yaitali, ndowa n'kudzadza chimodzimodzi, koma ikasefukira madzi otayikawo simungawawolenso. Muyezo umene ojambula amawerengera nawo ndi sitopu. Kuwonjezera sitopu imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri, kuchotsa sitopu imodzi ndi kukudula pakati. Kuchoka pa 1/250 kupita pa 1/125 ndi sitopu imodzi, kuchoka pa f/8 kupita pa f/5.6 ndi sitopu imodzinso.

Tiwerengere tsopano za pabwalo la tchalitchi. Nsalu yoyera imene dzuwa likuiwomba mwachindunji imawala masitopu awiri kapena kuposerapo pang'ono pamwamba pa kutuwa kwa pakati kuja. Khungu lakuda kwambiri likhoza kukhala sitopu imodzi pansi pake. Dzuwa likakhala pamutu, nsidze zimaponya mthunzi m'maso, mphuno imaponya mthunzi pamlomo, chibwano chimaponya mthunzi pakhosi, ndipo mthunzi umenewu umadyanso masitopu awiri kapena atatu. Mukaphatikiza, kuchokera pa diresi kufika m'maso mwa munthu pali masitopu pafupifupi 6, kutanthauza kuti diresi likuwala kuwirikiza ka 64. Diso la munthu limazolowera msanga likamachoka pa diresi kupita pankhope, choncho amene waima pomwepo saona vuto. Pepala la chithunzi ndi sikirini ya foni sizingathe kutero. China chake chiyenera kutayika, ndipo mukaisiya kamera kuti isankhe yokha, nthawi zambiri imataya nkhope.

Bodza lili ndi kumene linachokera

Maganizo akuti khungu lakuda silijambulika bwino sanangomera okha. M'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, loti aziyezera mitundu pa makina awo. Makadiwa anatchuka ndi dzina loti Shirley, potengera dzina la mayi woyamba kujambulidwapo. Makina akatulutsa bwino khungu la Shirley, ankati zonse zili m'malo. Filimu ya mitundu ya nthawi imeneyo inkasiyanitsa bwino mitundu yowala koma inkalephera pa mitundu yodera. Lorna Roth wa pa yunivesite ya Concordia ku Montreal, amene anafufuza nkhaniyi n'kuisindikiza mu 2009, anapeza kuti ena mwa amene anakakamiza Kodak kukonza filimu yake anali opanga mipando ya matabwa ndi opanga chokoleti, amene ankadandaula kuti pa zithunzi zotsatsira malonda matabwa awo odera ndi chokoleti chawo sizinkasiyanitsika. Khadi la Shirley lokhala ndi amayi a makungu osiyanasiyana linadzatuluka m'zaka za m'ma 1990.

Komabe pamene panali chifukwa chofunira nkhope ya munthu wakuda, njira inkapezeka. Ku South Africa, m'nthawi ya tsankho, zipangizo za kampani ya Polaroid zinkagwiritsidwa ntchito pojambula zithunzi za m'mapasi amene anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nawo. Kamera yake yotchedwa ID-2 inali ndi batani lowonjezera mphamvu ya fulashi. Mu 1970 antchito awiri akuda a kampaniyo ku America, Caroline Hunter ndi Ken Williams, anayambitsa gulu lotsutsa malondawo, ndipo mu 1977 Polaroid inachoka ku South Africa. Agogo athu amene anapita ku Joni amadziwa kulemera kwa pasi m'thumba. Nkhaniyi imasonyeza kuti nkhope yakuda inkatheka kujambulidwa mooneka bwino kuyambira kale, nkhani inali pa amene ankafuna kuiona ndi chifukwa chake.

Umboni wokoma uli ku Bamako, m'dziko la Mali. Seydou Keïta anatsegula malo ake ojambulira mu 1948, ndipo zithunzi zake zambiri ankajambulira panja, pabwalo la nyumba yake, ndi kuwala kwa masana. Kumbuyo kwa munthu ankapachika nsalu yamaluwa, ndipo kawirikawiri ankadina kamodzi kokha pa munthu aliyense chifukwa filimu inali yodula. Mukayang'ana zithunzi zakezo lero, zimene zakhala zikuonetsedwa m'nyumba zazikulu za zaluso ku Paris ndi ku New York, muona amayi ovala zoyera mbee, nsalu yake yooneka ulusi, ndipo nkhope zawo zakuda zili ndi moyo wonse, masaya, mphumi, kuwala kwa m'maso. Keïta analibe sikirini yoonerapo zimene wajambula. Ankadziwa pomuika munthu ndi nthawi yomujambulira.

Masiku ano opanga mafoni anadzuka. Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, imene imapanga Tecno, itel ndi Infinix, mafoni amene adzaza m'misika yathu, inakonza makamera ake kuti aziyeza kuwala moganizira khungu lakuda, ndipo ichi n'chimodzi mwa zimene zinaitchukitsa mu Africa. Google nayo inatulutsa Real Tone pa foni ya Pixel 6 mu 2021, ndipo mu 2022 inayamba kugwiritsa ntchito muyezo wa mitundu 10 ya khungu wokonzedwa ndi Ellis Monk wa ku Harvard. Zonsezi n'zothandiza, koma palibe foni imene ingachotse dzuwa paliwombo pa munthu.

Dzuwa lathu ndi lina

Mabuku ambiri ophunzitsa kujambula analembedwa kumayiko kumene dzuwa silikwera ngati kuno. Ku London, ngakhale pakati pa chilimwe chawo, dzuwa silipitirira madigiri 62 kuchokera pansi. Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwa equator, choncho dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka. Ku Lilongwe zimenezi zimachitika kumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, ndipo Okutobala yemweyo ndi umodzi mwa miyezi ya maukwati ndi zinkhoswe, anthu akuthamangitsana ndi mvula. Kuwala kofewa kwa madzulo, kumene ojambula amakukonda, kuno sikukhalitsa. Dzuwa limatsika chothamanga, likalowa cha m'ma 6 koloko mdima sutenga nthawi. Wofuna kuwala kumeneko ayenera kukhala ataimika kale anthu ake nthawi ikamakwana hafu pasiti folo.

Nyengo imatithandizako apa ndi apo. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa lupsa ndi fumbi zimafewetsa dzuwa la madzulo n'kulifiiritsa, ndipo khungu lakuda limakongola kwambiri m'kuwala kotere. Chiperoni chikakuta Blantyre, Thyolo ndi Mulanje mu Juni ndi Julayi, thambo lonse limasanduka gwero limodzi lalikulu la kuwala kofewa. Chofunika tsiku lotero ndi kusalowetsa thambo loyeralo lambiri m'chithunzi, kapena kuwonjezera sitopu imodzi ngati lalowa.

Koma ukwati sudikira chiperoni. Dzuwa likamaswa mtengo, chinthu choyamba si kugwira batani ayi, ndi kuyang'ana uku ndi uku kufuna mthunzi. Mthunzi wabwino koposa ndi wa m'mphepete mwa khonde kapena pakhomo lalikulu. Muikeni munthu phazi limodzi kapena awiri mkati mwa mthunzi, nkhope yake italoza kunja kumene kuli kuwala, inu muime padzuwa. Denga laphimba kuwala kochokera pamwamba kumene kumakumba maenje m'maso, ndipo kumene kwatsala ndi kochokera kutsogolo, kobwerera pa bwalo ndi pa thambo. Kumalowa m'maso, kumayala pamasaya, ndipo diresi, pokhala nalonso lili mumthunzi, silipikisananso ndi nkhope. Masitopu 6 aja atsika kufika pa atatu kapena anayi, amene kamera iliyonse imakwanitsa popanda vuto. Chenjerani ndi kumuika munthu mkati kwambiri, chifukwa kuwala kumatha msanga mukamalowa, komanso yang'anani kumbuyo kwake: ngati kuli bwalo lowala kapena malata onyezimira, sunthani pang'ono kuti kumbuyoko kukhale chipupa cha njerwa, chitseko kapena masamba odera.

Pansi pa mtengo wa mango ndi pamene aliyense amathamangira, ndipo pali misampha iwiri. Woyamba ndi mawangamawanga a dzuwa lodutsa m'masamba. Diso siliwasamala, koma pa chithunzi amakhala zigamba zoyera pamphumi ndi paphewa, ndipo sachotseka. Wachiwiri ndi kubiriwira kwa masamba, kumene kumatsikira pakhungu n'kulichititsa kuoneka ngati la munthu wodwala. Ngati mtengo ndi umene ulipo, sankhani pamene mthunzi wake wathithikana, chakumapeto kwake, munthu ayang'ane kunja. Matenti a paphwando nawo ali ndi khalidwe lawo. Tenti yoyera ndi bwenzi la wojambula, imasefa dzuwa bwino kwambiri. Ya buluu, yofiira kapena yobiriwira imapaka mtundu wake pankhope za onse okhala mkati, choncho atulutseni kaye afike pakhomo pake.

Pamene palibiretu mthunzi, tembenuzani munthuyo kuti dzuwa likhale kumbuyo kwake. Ambiri tinakula tikumva kuti dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula, koma langizo limenelo linali la nthawi ya filimu yofooka, ndipo zotsatira zake ndi anthu otsinya nkhope, dzuwa likuwathobwa m'maso. Dzuwa likakhala kumbuyo, nkhope yonse imakhala mumthunzi umodzi wofanana, maso amatseguka, ndipo m'mbali mwa tsitsi, duku ndi velo mumayaka kamzere kowala kamene kamamulekanitsa munthu ndi zakumbuyo. Chatsala ndi kubwezera kuwala pankhope. Reflector yogula ndi yabwino, koma katoni yomata pepala loyera, chinsalu choyera cha pabedi chogwiridwa ndi anthu awiri, ngakhale chipupa cha laimu chimene dzuwa likuchiwomba, zonsezi zimagwira ntchito yomweyo. Wogwirayo aime pafupi, mita imodzi kapena iwiri, chapambali pang'ono, asaloze kuchokera pansi penipeni. Pa chithunzi cha munthu mmodzi kuyambira m'chifuwa kupita m'mwamba, ambulera yoyera yogwiridwa pamwamba pa mutu, kunja kwa chithunzi, imathetsa vuto la masana pompopompo.

Manambala oyenera kukhala m'mutu

Pali lamulo lakale limene ojambula amalitcha Sunny 16. Padzuwa lowala bwino, ikani aperture pa f/16, shutter ifanane ndi ISO: ISO 100 iyende ndi 1/100 kapena 1/125. Mitambo yopyapyala ikaphimba dzuwa tsegulani kufika pa f/11, kukachita mitambo yeniyeni f/8, mumthunzi f/5.6. Ubwino wa lamuloli ndi wakuti limayeza kuwala kumene kukugwa, osati zovala za anthu, choncho mukaona mita ikunena zosiyana nalo kwambiri mumadziwa kuti yapusitsidwa. Amene akufuna kumbuyo kosaoneka bwino, kofewa, amatsegula lenzi kufika pa f/2.8, ndipo kuchoka pa f/16 kufika apo ndi masitopu asanu, choncho shutter iyenera kuthamanga kufika pa 1/4000. Pa gulu la anthu oima mizere iwiri kapena itatu, f/8 ndi yodalirika kuti a kumbuyo asafufutike. Kwa ana ndi operekeza akwati ovina, shutter isatsike pa 1/500. Mumthunzi musaope kukweza ISO kufika pa 400, makamera a masiku ano savutika nayo.

Njira imene ndimailimbikitsa kwa aliyense wojambula maphwando ndi ya chikhatho. Chikhatho cha munthu, wakuda kapena woyera, sichisiyana kwambiri mtundu, ndipo chimawala pafupifupi sitopu imodzi pamwamba pa kutuwa kwa pakati. Ikani kamera pa M, pamene manambala onse mumasankha nokha. Imani pamene padzaime anthu, tambasulani dzanja kuti kuwala kuligwere monga mmene kudzagwere pankhope zawo, lozani kamera kuti chikhatho chidzaze chithunzi, n'kusintha shutter mpaka mita iloze pa +1. Mukatero musagwirenso kanthu kufikira kuwala kutasintha kapena mutasamuka malo. Abwere mkwatibwi wa diresi loyera, abwere ankhoswe a masuti akuda, manambala ndi omwewo, ndipo aliyense amatuluka ndi khungu lake. Izi zimathandiza kwambiri pa banja limene lili ndi makungu osiyana kwambiri, monga pamene pali wachibale wachialubino. Kwa iyeyo mthunzi si nkhani ya chithunzi chokha: dzuwa limawononga khungu lake ndipo kuwala kwamphamvu kumamupweteka m'maso, choncho gulu lonse lisamukire kumene iye angaime mwamtendere.

Palinso spot metering, pamene kamera imayeza kadontho kamodzi kokha. Apa mpofunika kukumbukira kuti chilichonse chimene mwaloza chidzakokeredwa pa kutuwa kwa pakati. Ansel Adams, amene pamodzi ndi Fred Archer anakonza njira yogawa kuwala m'magawo cha m'ma 1940, anaika khungu lodera pa gawo la pakati lomwelo, ndipo khungu la azungu analiika sitopu imodzi pamwamba. Ndiye kwa ambiri a ife a khungu lofiirira, mukaloza patsaya mita n'kukhala pa 0, muli pafupi ndi choonadi. Kwa munthu wakuda kwambiri tsitsani theka la sitopu kapena sitopu yathunthu, apo ayi kamera imuyeretsa n'kupsereza zovala zake. Amene sanazolowere M angagwiritse ntchito A kapena Av, pamene kamera imasankha shutter yokha, pamodzi ndi batani la + ndi -: zoyera zikachuluka m'chithunzi onjezerani, zakuda zikachuluka chotsani.

Sikirini ya kumbuyo kwa kamera musamaikhulupirire padzuwa. Imaoneka yakuda, munthu n'kuwonjezera kuwala kosafunika. Yatsani histogram, kachithunzi kooneka ngati phiri kamene kumanzere kwake ndi mdima, kumanja ndi kuwala. Phirilo likakanikizika kukhoma la kumanja, pali chimene chapsa. Yatsaninso chenjezo limene limaphethiritsa malo opsa. Thambo likamaphethira palibe kanthu, koma diresi kapena mphumi zikamaphethira bwererani pang'ono. Cholinga ndi kulowetsa kuwala kochuluka mmene mungathere popanda kupsereza nsalu yoyera, chifukwa nkhope imene yajambulidwa mumdima ikakwezedwa pa kompyuta imatuluka ya timadontho, yotuwa ngati yapakidwa phulusa. Kujambula mu RAW kumapereka mpata wokonza sitopu imodzi kapena ziwiri pambuyo pake, mpata umene JPEG ilibe, ngakhale kumadya malo ambiri pa memori khadi.

Fulashi masana imadabwitsa anthu, koma ndi nthawi imene imagwira ntchito yaikulu, yodzaza maenje a m'maso. Makamera ambiri salola shutter kupitirira 1/200 kapena 1/250 fulashi ikamayaka, pokhapokha ngati ili ndi high speed sync. Padzuwa, ndi ISO 100 ndi 1/200, mumakakamizika kukhala cha pa f/11, ndipo pa kabowo kotere kafulashi ka pamwamba pa kamera sikapitirira mamita awiri. Kuwala kwa fulashi kumatha mofulumira: mukawirikiza mtunda kawiri, kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye pa gulu lalikulu kafulashi kameneka n'kongotha batire. Pa munthu mmodzi kapena awiri, yambani ndi mphamvu yochotsera sitopu imodzi, muone. Fulashi ya TTL, yodziyezera yokha mphamvu, nayo imapusitsidwa ndi diresi loyera, imachepetsa mphamvu yokha, choncho pa akwati mungafunike kuibwezera pa 0. Fulashi yabwino ndi imene woona chithunzi sangadziwe kuti inayaka.

Pali chinthu china chimene mabuku akunja sakhalitsapo, koma kwa ife ndi chachikulu, ndicho kunyezimira. Khungu lakuda limaonetsa kwambiri kuwala kobwerera pamwamba pake, makamaka munthu akadzola mafuta kapena akatuluka thukuta. Kunyezimira kumeneku si mdani. Ndi kumene kumaumba nkhope, kuonetsa pamene tsaya lakwera ndi pamene mphumi yapindika. Kumaipa pokhapokha gwero la kuwala likakhala laling'ono ndi lamphamvu, monga dzuwa lenileni kapena fulashi yolunjika, chifukwa pamenepo kumasanduka kadontho koyera kopsa pamphuno. Gwero likakhala lalikulu, monga thambo, chipupa choyera kapena chinsalu chija, kunyezimira kumayala mofatsa ndipo khungu limaoneka lathanzi. Tishu m'thumba la wojambula ndi chida chenicheni. Mupatseni munthu adzipukute modinda, osati mokhula, ndipo mnzake wapafupi amuone ngati patsala tizidutswa.

Kunyanja zonsezi zimawirikiza. Mchenga ndi madzi zimabweza kuwala kochuluka moti pa Sunny 16 paja pamafunika f/22, ndipo mita imatseka kwambiri, anthu n'kusanduka zithunzithunzi. Ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay nyanja ili kum'mawa, choncho wofuna madzi kumbuyo kwa munthu ndi dzuwa lofewa pankhope ajambule madzulo. Ku Cape Maclear dzuwa limalowera kumadzi, ndiye madzulo pamafunika kusankha: kuyeza thambo lofiira munthu n'kukhala chithunzithunzi, kapena kuyeza nkhope n'kuithandiza ndi fulashi. Mchenga womwewo uli ndi ubwino wake, umabwezera kuwala kunsi kwa chibwano ndi m'maso.

Wa foni asadzione wotsalira. Pukutani kaye lenzi ndi nsalu yofewa, chifukwa mafuta a zala ndi amene amachititsa chifunga pa zithunzi zambiri. Dinani pankhope ya munthu pa sikirini, ndipo pa mafoni ambiri pamatuluka kachizindikiro ka dzuwa kamene mungakweze kapena kutsitsa ndi chala. Mukadina mokhalitsa, foni imasunga muyezowo kuti usasinthe wina akadutsa. HDR imathandiza kumbuyo kukawala kwambiri, koma nthawi zina imaphwatalitsa nkhope, choncho yesani ili yoyaka ndiponso ili yozima. Potumiza pa WhatsApp chithunzi choti chikatsukidwe, tumizani ngati document kuti chisafinyidwe.

Pa mafoni omwewa pali beauty mode, imene imasalaza ndi kuyeretsa khungu, ndipo pa mafoni ena imakhala yoyaka kale pogula. Ojambula nawo amalandira pempho lakuti, “Achimwene, mundiyeretseko pang'ono.” Ndimamvetsa kumene pempholi limachokera. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akulandira zithunzi zimene nkhope yake siioneka amayamba kukhulupirira kuti vuto ndi iyeyo. Koma chimene amafuna kwenikweni ndi kuoneka, maso ake aoneke, kumwetulira kwake kuoneke. Mukamuika pa khonde, n'kumubwezera kuwala ndi katoni yoyera, n'kumuonetsa pa sikirini nkhope yake yakuda bwino ikuwala, kawirikawiri pempho lija salibwerezanso. Chithunzi chimenecho ndi chimene zidzukulu zake zidzamudziwire, ndipo n'koyenera kuti zidzamudziwe ndi khungu limene anabadwa nalo.

Zotsala ndi zokambirana ndi anthu. Wojambula ukwati akhale nawo pa msonkhano umodzi wa komiti, apemphe kuti pa pulogalamu pakhale mphindi 20 za akwati okha madzulo, perekaniperekani akatha kapena akapumira, ndipo akaone malowo tsiku lisanafike, pa ola lomwelo limene adzajambule, kuti adziwiretu khonde loti adzathawireko. Kotsukitsa zithunzi nakonso pafunika kulankhula. Makina ambiri otsukira amakonza okha kuwala ndi mitundu, ndipo akhoza kudetsa kapena kufiiritsa nkhope imene munaisamala bwino. Pemphani kuti azimitse kukonza kwa makinako, atulutse kaye chithunzi chimodzi chaching'ono, mupite nacho panja mukachione pa kuwala kwa masana, ndipo mukakhutira ndi khungu la munthuyo, muwauze atsuke zonse.